Mawu Obadwira M'sefa

Kalata imene ndikufuna kukamba ndikadali nayo mpaka lero. Ili m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi, pamodzi ndi satifiketi ya ukwati ndi makadi a sikelo a ana. Anandilembera ndi aphunzitsi anga a Chingerezi m'chaka cha 1979, nditangomaliza Fomu 4, kuti indichitire umboni pofuna ntchito. Akuluwa anali a imvi, ophunzira kwa amishoni, ndipo tayi sankamasula ngakhale dzuwa la mu Okutobala liswe mtengo. Polemba makalata otere sankakometsera munthu, choncho nditaona kuti adzaza tsamba lonse ndinadziwa kuti zanga zayera. Chiganizo chimodzi chokha ndicho chinandizunguza. Analemba kuti ine ndinali "a discriminating reader". Kufunsa ndinachita manyazi, kuiwala kuti safunsa anadya phula.

Patapita masabata atatu ndinaitanidwa ndi kampani ina mumzinda wa Blantyre imene inkafuna kalaliki. Ndinapeza abambo atatu atakhala kuseri kwa tebulo lalitali. Wapakatiyo anawerenga kalatayo akugwedeza mutu movomereza, kenaka anaima, navula magalasi.

"Mnyamata iwe, aphunzitsi akowa akuti ndiwe watsankho. Pano timagwira ntchito ndi anthu a mitundu yonse. Udzatha?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Liwu lakuti discrimination ndinkalimva pa wayilesi akamanena za ku Rhodesia ndi ku South Africa, ndipo ndinkadziwa kuti si liwu loti munthu angakunyadire nalo. Zimene ndinayankha sindizikumbuka. Ntchitoyo sindinaipeze, ngakhale kuti mwina panali ena ondiposa. Koma ine mtima unali pa kalata ija basi. Ndinakwera basi kubwerera kwa aphunzitsi aja nkhope ili gwa, n'kuwafunsa chimene ndinawalakwira.

Poyamba anaseka mpaka kutsokomola. Ataona kuti ine sindikuseka, analeka, nandifunsa kuti, "Kodi agogo ako akasinja mphale, ufawo amautani?"

"Amausefa, aphunzitsi."

"Basitu. Ndi zimene ndinalembazo. Ndinati ukamawerenga umasefa."

Yankho limenelo silinandikhutitse tsiku limenelo. Ndinaganiza kuti nkhalamba ikungozemba mlandu. Zinanditengera zaka zambiri, ine mwini nditakhala mphunzitsi wa Chingerezi, kuti ndizindikire kuti akuluwo ananena zoona zenizeni, ndiponso kuti bwana wa pa kampani uja naye sananame. Onse awiri ankanena liwu limodzi, koma analikumana pa misinkhu yosiyana ya moyo wake.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi mkulu wake wa liwu limeneli. M'Chingerezi muli mneni wakuti discern. Tanthauzo lake ndi kutha kuona kusiyana kwa zinthu zimene poyamba zimaoneka ngati n'zofanana, kapena kutola ndi maso chinthu chimene chikubisika mumdima, mu nkhungu kapena patali. Mlonda amene waona kuti chimene chaima kumpanda ndi munthu, si chitsa, wachita zimenezo. Mayi amene wamva kuti kulira kwa mwana wake lero n'kwa matenda, si kwa njala, wachitanso chimodzimodzi. Ife timati kuzindikira, pena kusiyanitsa, ndipo mneni wa Chingereziyu wanyamula zonse ziwiri nthawi imodzi. Pamafunika khama pang'ono: chinthu choonekeratu ngati phiri la Mulanje kukacha bwino sitiligwiritsira mneni ameneyu.

Angerezi sanabadwe nalo liwuli. Linachokera ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma, kumene linali discernere. Kachigawo koyambako, dis, kamatanthauza kupatula, ichi uku icho uko. Chotsalacho, cernere, tanthauzo lake lakale kwambiri ndi kusefa. Sefa yeniyeniyo Aroma ankaitcha cribrum, dzina lochokera ku muzu womwewo. Tisaganize kuti kameneka kanali kachida kachabechabe. Pliny Wamkulu, amene anafa m'chaka cha 79 pamene phiri la Vesuvius linaphulika, analemba m'buku lake la zachilengedwe kuti anthu a ku Gaul ankaluka sefa ndi ubweya wa kumchira wa kavalo, a ku Spain ankagwiritsa ntchito nsalu, pamene Aigupto ankaluka ndi gumbwa ndi mlulu. Mu Roma, buledi amene munthu ankadya ankaonetsa msinkhu wake: olemera ankadya wa ufa wosefedwa bwino, osauka wa ufa wa madeya. Amene anakulira m'nyumba imene ufa woyera unali wa alendo ndipo mgaiwa unali wa tsiku ndi tsiku sangavutike kumva zimenezi.

Kuchokera pa ufa, liwu lija linakwera n'kufika m'maso, kenaka m'mutu. Mroma akati cernere ankathanso kutanthauza kuona chinthu bwinobwino, ndipo pambuyo pake kugamula. Ulendo umenewu suli wodabwitsa kwa munthu amene anayamba wakhalapo pafupi ndi mayi wopeta. Agogo anga akagwira lichero, manja ankagwira ntchito koma maso ndiwo ankalamula. Ankadziwa nthawi yoponya m'mwamba kuti mphepo itenge gaga, nthawi yogwedeza cham'mbali kuti misere isonkhane kumlomo wa lichero, ndi nthawi yoima n'kutola kamwala kamodzi ndi zala ziwiri. Ine nditayesa tsiku lina, theka la mphale linathera kwa nkhuku. Kusefa n'kuona, ndipo kuona kumeneko kumathera pa chigamulo: ichi chilowa mumphika, ichi chipita kukhola.

Banja la muzu umenewu n'lalikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Kuyambira pamene William Jones ananena ku Calcutta mu 1786 kuti Chisansikiriti, Chigiriki ndi Chilatini ziyenera kuti zinachokera kwa kholo limodzi, akatswiri a ziyankhulo akhala akulondola mawu ngati mmene mlenje amalondolera mapazi a nyama. Anapeza kuti Agiriki anali ndi mneni wawo, krinein, wotanthauza kupatula ndi kuweruza, m'bale wake wa cernere. Kumeneko ndiko kunachokera critic, munthu wosanthula zolembedwa, amene ife alembi timamuopa ngati apongozi. Ndikonso kunachokera crisis, liwu limene asing'anga a Chigiriki, kuyambira nthawi ya Hippocrates, ankatchulira tsiku limene matenda amagamula ngati wodwala achira kapena apita. Ku mbali ya Chilatini kunabadwa certain, chinthu chimene chasefedwa n'kutsimikizika. Secret, chimene chapatulidwa n'kuikidwa pambali. Decree, chigamulo cha olamula. Ngakhalenso excrement, zimene thupi lasefa n'kutaya. Angerezi eniake anali ndi mphukira yawoyawo ya muzu womwewu. Sefa ya mabowo akuluakulu, yosefera malasha kapena dothi, amaitcha riddle, ndipo makolo awo ankati hriddel. Jacob Grimm anafotokoza mu 1822 kuti pamene Chilatini chili ndi liwu la k kumayambiriro, ziyankhulo za banja la Chijeremani zimakhala ndi h, monga cornu ndi horn, nyanga. N'chimodzimodzi cribrum ndi hriddel. Choncho Angerezi atabwereka discern anabwereka msuweni wa liwu limene linali kale m'nkhokwe mwawo, osadziwa.

Njira imene linadzera ndi ya nkhondo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi mazana atatu Chifalansa, chimene ndi mwana wa Chilatini, chinali chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu. Chingerezi chinatsalira alimi ndi antchito. Mpaka mu 1362 m'pamene nyumba ya malamulo inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, ndipo chodabwitsa n'chakuti lamulo limenelo linalembedwa m'Chifalansa. Chingerezi chitabwerera pampando chinabwera chitasenza mawu zikwizikwi a adani ake akale. Discern linali limodzi mwa amenewo, ndipo Geoffrey Chaucer, amene anafa mu 1400, analigwiritsa ntchito mu ndakatulo yake yaitali ya Troilus and Criseyde. Ndimakonda kuwakumbutsa zimenezi anzanga amene amanyansidwa akamva mawu monga sukulu, buledi kapena sefa imene, n'kumati Chichewa chikuwonongeka. Chiyankhulo chimene amachiyesa choyeracho chinakula ndi ngongole zimene sichinabweze.

Koma chimene chinalipatsa ulemu liwuli ndi tchalitchi. Jerome atamasulira Baibulo m'Chilatini, cha m'ma 400, anaika discernere pa pempho la mfumu Solomo pa 1 Mafumu 3:9, pamene mfumuyo inapempha mtima wotha kusiyanitsa zabwino ndi zoipa. Omasulira Baibulo la Chingerezi la mfumu James mu 1611 anaika discern pamalo omwewo, ndipo Buku Lopatulika lathu la 1922 linaikapo mneni wa kuzindikira. Nkhani yotsatira pempholi m'chaputala chomwecho ndi ya amayi awiri olimbirana khanda limodzi. Ine imandigwira mtima chifukwa muli kupatula kwa mitundu iwiri. Lupanga likanapatula mwanayo pakati, aliyense n'kutenga theka, ndipo palibe akanati mfumu yakondera. Koma Solomo sankafuna kugawa mwana. Ankafuna kupatula mayi weniweni kwa wonama, ndipo lupangalo linali sefa chabe. Baibulo la 1611 lomwelo linagwiritsanso liwuli pa Isake, nkhalamba yakhungu imene inamva mawu a Yakobo koma n'kukhulupirira manja aubweya, n'kudalitsa mwana wolakwika. Makutu anamuuza zoona, iye anamvera zala.

Akhristu a m'nyumba za amonke anatenga liwuli n'kulisandutsa luso lophunzitsidwa. Wodziwika kwambiri pa zimenezi ndi Ignatius wa ku Loyola, msilikali amene chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo ku Pamplona mu 1521. Ali chigonere kwa miyezi, anaona kuti maganizo ena ankamusangalatsa pa kanthawi n'kumusiya wouma mumtima, pamene ena ankamusiyira mtendere wokhalitsa. Kuchokera pamenepo analemba malangizo a kasiyanitsidwe ka mizimu, amene Papa anawavomereza mu 1548. Chimene ndimaona m'mbiri imeneyi n'chakuti sefa ya Ignatius inkayang'ana m'kati. Chosefedwacho chinali mtima wa wosefa yemweyo. Mafumu nawo anachikonda chizindikirochi. Mu 1579 George Gower anajambula Mfumukazi Elizabeth Woyamba itagwira sefa m'dzanja, ndipo patapita zaka zochepa kunajambulidwa chithunzi china chotero chimene chimasungidwa ku Siena. Ojambulawo ankakumbutsa anthu za Tuccia, namwali wa ku Roma amene nthano imati anatunga madzi mumtsinje wa Tiber ndi sefa osadontha, pofuna kutsimikiza kuti anali wosalakwa. Ankanenanso kuti mfumukaziyi imadziwa kupatula abwino ndi oipa. Apa sefa yatembenuka: yayamba kuyang'ana anthu ena, ndipo ili m'dzanja la munthu amene angathe kudula mutu.

Tsopano tifike kwa mng'ono wake, amene anandilanda ntchito ku Blantyre. Kuchokera ku discernere Aroma anapanga dzina lakuti discrimen, kutanthauza mpata kapena mzere wolekanitsa zinthu ziwiri. Ngakhale mzere umene mayi amalemba pamutu pogawa tsitsi ankautcha choncho, ndipo kachitsulo kogawira tsitsiko dzina lake linkachokera pomwepo. Kuchokera ku dzinali kunabadwa mneni wina, discriminare, amene analowa m'Chingerezi cha m'ma 1620, osadzera ku France koma kutengedwa m'mabuku ndi anthu ophunzira. Kwa zaka zoposa mazana awiri discriminate linali liwu laulemu. Dikishonale ya Samuel Johnson ya 1755 imalimasulira ngati kusiyanitsa chinthu ndi chinzake poona zizindikiro, kapena kupatula, ndipo simupezamo fungo la nkhanza ayi. Kunena munthu kuti ndi discriminating kunali kumutama kuti sanamizidwa ndi chikomekome cha mkuyu. Aphunzitsi anga anaphunzira Chingerezi chimenecho, kwa amishoni amene nawonso anachiphunzira m'mabuku a agogo awo.

Liwuli linasintha fungo ku America, ukapolo utangotha. Nkhondo ya pachiweniweni inatha mu 1865, ndipo chaka chomwecho malamulo a dzikolo anathetsa ukapolo. Anthu pafupifupi 4 miliyoni amene dzulo lake anali katundu anasanduka anthu pamaso pa lamulo. Kale panalibe chifukwa chokhalira ndi liwu lonena za kuchitira kapolo mosiyana ndi mfulu, pakuti kusiyanako ndiko kunali lamulo. Liwu linafunika pamene lamulo linati n'ngofanana koma anthu n'kumapitiriza kuwapatula. Mu 1866 nyumba ya malamulo inakonza lamulo lopatsa anthu akuda ufulu wa nzika. Pulezidenti Andrew Johnson analikana pa 27 Malichi, ndipo m'kalata yake yokanira anagwiritsa ntchito liwu lakuti discrimination, koma modandaula kuti lamulolo likukondera anthu akuda n'kupondereza alendo ochokera kunja amene ankayenera kudikira zaka asanakhale nzika. Taonani, liwuli lisanakhazikike n'komwe m'tanthauzo lake latsopano, mbali zonse ziwiri zinali zitayamba kale kulikanganirana. Aphungu anamugonjetsa pulezidentiyo pa voti, lamulolo n'kudutsa mu Epulo.

Mlandu umene umandionetsa bwino kusinthaku ndi wa ochapa zovala a ku San Francisco. Mu 1880 mzindawo unalamula kuti aliyense wochapira anthu zovala m'nyumba ya matabwa ayambe wapempha chilolezo, ati poopa moto. Lamulolo silinatchule mtundu wa munthu. Mwa nyumba zochapira pafupifupi 320 za mumzindawo, pafupifupi 310 zinali za matabwa. Matchaina okwana ngati 200 anapempha, ndipo pafupifupi onse anakanizidwa. Anthu ena 80 amene sanali Matchaina analoledwa onse kupatula mmodzi. Mwini malo ena otchedwa Yick Wo, amene anali atachapa zovala kwa zaka 22 ndipo oyang'anira za moto anali atamuvomereza, anapitiriza ntchito, anamulipiritsa madola 10, anakana kulipira, n'kutsekeredwa. Mu 1886 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mogwirizana kuti lamulo likhoza kukhala lokongola papepala koma n'kukhala tsankho loletsedwa chifukwa cha dzanja loligwiritsa ntchito. Akuluakulu a mzinda ankanena kuti akusefa matabwa ndi njerwa, koma mabowo a sefa yawo anawaboola molingana ndi nkhope za anthu.

Patangopita zaka khumi khoti lomwelo linabwerera m'mbuyo pa mlandu wa Homer Plessy, limene mu 1896 linavomereza kuti akuda ndi oyera azikwera mabogi osiyana m'sitima. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti Plessy anali woyera khungu kotero kuti pomukwera sitima ku New Orleans mu 1892 panafunika kukonzeratu kuti a kampani adziwe kuti iye ndi ndani, apo ayi kondakitala akanamudutsa. Maso analephera kuzindikira, koma lamulo linaumirira kupatula. Ku South Africa zinafika pochititsa manyazi. Lamulo la 1950 lolembetsa anthu m'mitundu linafuna kuti munthu aliyense aikidwe m'gulu, ndipo pamene maso a akalaliki a boma akanika, ena ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwa kapena ikodwa. Sandra Laing, wobadwa mu 1955 kwa makolo awiri achizungu ku Piet Retief, anachotsedwa pasukulu ya azungu ndi apolisi mu 1966 chifukwa khungu ndi tsitsi lake sizinakhutitse oyang'ana. Lamulolo linafafanizidwa mu 1991. Nditawerenga koyamba kuti discrimen unali mzere wa m'tsitsi la mayi wa Chiroma, ndinakumbukira pensulo imeneyi, ndipo ndinatseka buku kwa kanthawi.

Pofika 1948, pamene mayiko anagwirizana za chikalata cha ufulu wa anthu onse, tanthauzo latsopanoli linali litapambana. Lamulo la ku America la 1964 ndi pangano la United Nations la 1965 lothana ndi tsankho la mitundu zinangokhomerera msomali. Tanthauzo lakale silinafe, koma linathawira m'makona. Akatswiri a za makutu ndi maso amaligwiritsabe ntchito poyeza ngati munthu akutha kusiyanitsa maliwu kapena mitundu ya utoto. A malonda, amene fungo loipa amalimva msanga, analisiya n'kuthamangira kwa mkulu wake: masiku ano wogula wodziwa chabwino amamunyengerera kuti ndi discerning. Ndipo pali malo amodzi pamene kulephera kusiyanitsa ndiko mlandu. Pangano la 1977 lowonjezera pa malamulo a nkhondo a ku Geneva limaletsa kuukira kumene limakutcha indiscriminate, ndiko kuponya mabomba mosasankha, osapatula msilikali ndi mayi wopita kumsika. Choncho m'chiyankhulo chimodzi chomwecho, bwana wolemba ntchito akachita discriminate wapalamula, mkulu wa asilikali akapanda kuchita discriminate wapalamulanso. Mwana wa Fomu 3 akandifunsa kuti zimenezi zikutheka bwanji, ndinkamuuza kuti afunse kaye chimene chili m'sefamo, ndi chimene wosefayo akufuna kuphika.

Tisawaseke Angerezi, chifukwa Chichewa chinayenda njira yomweyo pachokha. Kusankha ndi ntchito yabwino. Timasankha nyemba tisanaphike, kuchotsa zofumbwa ndi timiyala. Mlimi wa ku Kasungu amakhala m'chigafa masiku ambiri akusankha fodya, tsamba ndi tsamba, ndipo wosankha mosasamala amalira ku okushoni. Timasankha mfumu, timasankha aphungu. Koma kuchokera ku mneni yemweyu tinapanga dzina lakuti tsankho, ndipo palibe amafuna kuti limukhale. Sitinachite kubwereka kwa munthu maganizo amenewa. Zikuoneka kuti kulikonse kumene anthu amapeta ndi kusefa, tsiku lina wina amayang'ana anzake n'kuona gaga.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, ine ndili wolakwiridwa amene anasanduka wodziwa. Koma mu 1998 ndinakhala nawo pa gulu la anthu atatu lofunsa aphunzitsi ofuna ntchito pa sukulu ina ya sekondale yomwe si ya boma. Tsopano wapakati pa tebulo ndinali ine, magalasi ndili nawo. Panabwera anthu asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense tinamupatsa mphindi makumi awiri kuti aphunzitse kalasi ife tikuonerera. Amene anaphunzitsa bwino koposa anali mtsikana wachialubino. Pepala ankaliyandikitsa kumaso powerenga, koma ana amene anayamba ndi kunong'onezana anathera kukweza manja mopikisana. Pa mapepala athu tonse atatu iye ndiye anali pamwamba.

Titatsala tokha ndinayamba ndine kuyankhula. Sindinanene mawu achipongwe ayi, ndipo n'chifukwa chake anzanga anandimvera. Ndinati tiyang'ane patali. Ndinati makolo a kuno timawadziwa, ena adzachotsa ana. Ndinati maso akewo adzamuvuta pochonga makope makumi asanu ndi limodzi usiku, dzuwa la kubwalo la masewero lidzamupweteka, ndipo kumulemba ntchito kudzakhala kumuzunza. Ndinamaliza ndi mawu amene ndimawakumbuka bwino lomwe: "Anzanga, ine ndaphunzitsa zaka zambiri, anthu ndimawazindikira." Tinatenga wachiwiri. Nthawi imeneyo malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anali ndi zaka zinayi, ndipo gawo 20, loletsa tsankho pa zifukwa monga mtundu, khungu, chiyankhulo ndi ulumali, ndinali nditaliphunzitsapo m'kalasi. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. Sindinadzione ngati bwana wa ku Blantyre uja ngakhale pang'ono. Ndinadziona ngati Solomo.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi ndinapita kukachonga mayeso a Fomu 4. Kumeneko mapepala amabwera ndi manambala okha, opanda maina, ndipo ochonga amagawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake amene amatapa mapepala ena mwa amene mwachonga n'kuwaonanso. Mtsogoleri wa gulu lathu anali mayi uja. Anali atanenepako, atavala chipewa chachikulu ndi magalasi okhuthala, ndipo anatilonjera tonse mofanana. Ngati anandikumbuka, sanaonetse. Ine ndinakhala masiku awiri ndikukonza mawu oti ndimuuze pa nthawi ya tiyi, koma tiyi ankatha mawuwo asanapse.

Tsiku lachitatu masana anabwera pa desiki panga atanyamula pepala limodzi. Chinali chimangirizo cha mwana wina amene zolemba zake zinali ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Ndinali nditamupatsa 9 pa 20.

"Bambo, pepani, taliwerenganinso ili," anatero motsitsa mawu kuti ena asamve. "Ndikuganiza kuti mwachonga kalembedwe ka dzanja. Yambirani ndime yachiwiri."

Anabwerera pamalo pake. Ndinapukuta magalasi, n'kuliyandikitsa pepalalo kumaso monga ankachitira iye, ndipo ndinayamba kutola liwu limodzilimodzi. Mwanayo ankafotokoza za tsiku limene agogo ake anagulitsa njinga kuti amulipirire mayeso. Ziganizo zake zinali zolunjika, ndipo m'tsamba lonse ndinapezamo zolakwa zinayi zokha. Ndinafafaniza 9 uja n'kulemba 15, ndinasaina pambali pake monga mwa lamulo la kumeneko, n'kupita nalo ku tebulo lake. Analiyang'ana pafupi, nagwedeza mutu, naliika pa mulu wa omalizidwa, n'kundipatsa mtolo wina wa mapepala makumi asanu.